Amene wamva uthengawu awadziwitse

Semesita ino tapatsidwa ntchito yoti aliyense akonze kachionetsero kazaluso kosiyanitsa kulankhulana kwa pa intaneti ndi kulankhulana kwa pamasom'pamaso. Tsiku lomwe tinalandira mutuwu tinakhala pansi pa mtengo anthu asanu ndi awiri n'kumaponyerana maganizo. Wina anati ajambula banja litazungulira mbale ya nsima, aliyense maso ali pafoni, ndiwo zikuzizira. Wina anati aumba zidole ziwiri zofulatirana, zomangidwa m'khosi ndi chingwe cha tchaja. Wachitatu ankafuna kalilole wosweka, ndipo mpaka lero sindinamvetse kuti wa chiyani. Maganizo onsewa ankanena chinthu chimodzi: kale anthu ankalankhulana zenizeni, foni yabwera kudzationonga. Nanenso ndinavomereza ndi mutu, kwinaku ndikuyankha meseji.

Chomwe chandisokoneza ndi chitini cha mabisiketi chimene agogo anga aakazi amasunga pansi pa bedi kwathu ku Ntcheu. Ndakhala ndikuchiona kuyambira ndili mwana, koma ndinachitsegula mwezi watha pomwe ndinapita kukatenga ufa. Muli makalata 11 ochokera kwa malemu agogo aamuna, olembedwa pakati pa 1969 ndi 1974 iwo ali kumigodi ku Joni. Agogo aakazi atakwatiwa anakhala ndi mwamuna wawo miyezi yowerengeka chabe, kenaka kwa zaka zingapo mwamunayo anasanduka pepala lobwera kamodzi pa miyezi itatu kapena inayi. Nanga kale limene tinkaliyamikira pansi pa mtengo paja ndi kale liti? Kwa mabanja ochuluka m'dziko muno, kukhala kutali ndi wokondedwa wako n'kumalankhula naye kudzera m'chinthu china sikunabwere ndi Facebook. Takhala tikuchita zimenezi kwa zaka zoposa 100.

Positi inayamba kuno mu 1891, chaka chomwe Angerezi analengeza kuti dziko lino lili m'manja mwawo, Harry Johnston ali woyang'anira. Makalata ochokera kunja ankalowera ku Chinde, kumene mtsinje wa Zambezi umathira m'nyanja yamchere, n'kukwera sitima zapamadzi mpaka ku Chiromo. Kuchoka pamenepo inali miyendo ya anthu: amtengamakalata ankasenza matumba wapansi, kulandizana m'njira, kupita ku Blantyre, ku Zomba mpaka kunyanja. Zaka za m'ma 1890 zisanathe, mawaya a telegalafu a kampani ya Cecil Rhodes, yemwe ankalota zolumikiza Cape Town ndi Cairo, anali atadutsa m'dziko muno kukafika ku Karonga. Zonsezi sanakonzere makolo athu. Anakonzera boma, amishoni ndi eni minda. Koma boma lomwelo linabweretsa msonkho wa nyumba, wofuna ndalama m'dziko lomwe ntchito za malipiro ooneka zinali zosowa, ndipo amuna anayamba kutuluka: ku Halale, ku Bulawayo, ku Joni, ena kumigodi ya kopa ku Northern Rhodesia. Sukulu za mishoni zinali zitaphunzitsa kale anthu ena kulemba. Mwanjira imeneyi positi ya azungu inasanduka chingwe chogwirizira mabanja a anthu akuda.

Agogo anapita ndi Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi ya golide ya ku South Africa, lomwe dzina lake linatsalira pa depoti ya mabasi ku Blantyre. Munthu ankasaina kontrakiti yosapitirira zaka ziwiri, kukwera ndege mpaka ku Francistown m'dziko la Botswana, kenaka sitima yapamtunda. Gawo lina la malipiro ake ankamusungira kuti adzalandirire kuno, yomwe inali njira yabwino yomukumbutsa kwawo. Ambiri akabwera ankapuma miyezi ingapo n'kusainanso, ndipo agogo anachita choncho katatu. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi imeneyi nthawi imodzi. Tangoganizani kuchuluka kwa azimayi odikira kalata. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi 74 omwe ankabwerera kwawo, ndipo Kamuzu analetsa kulemba anthu ntchito imeneyi. Agogo anali m'gulu la omwe anabwera m'miyezi yotsatira. Koma pa mbiri yonse ya maulendowa panali ena omwe sanabwerenso, matchona, ndipo kutchona kunkadziwika ndi chizindikiro chimodzi: makalata kuyamba kutalikirana, kutalikirana, mpaka zii. Ife lero munthu akatiwerengera meseji osayankha timaona ngati nkhanza yatsopano.

Nditayamba kuwerenga makalata a m'chitini muja ndinakhumudwa pang'ono. Ndinkayembekezera chikondi, ndinapeza malipoti. Iliyonse imayamba ndi kufunsa za moyo, kunena kuti iwo ali bwino kaya kunoko, kenaka mndandanda: ndatumiza ndalama mwa uje, mugule mbuzi yaikazi, bulangeti mupatse amayi, denga la nkhokwe lisadikire mvula. Moni kwa amfumu, kwa alamu, kwa ana onse kuwatchula mmodzimmodzi. Palibe pomwe analemba kuti ndakusowani. Kenaka ndinaona china: zolembazo si za dzanja limodzi. Ndinapeza manja atatu osiyana. Agogo aamuna analekeza sukulu koyambirira, choncho ankachita kuuza mnzawo wa m'komponi kuti awalembere. Kuno nako agogo aakazi sadziwa kuwerenga. Kalata inkafikira ku bokosi la sukulu yapulayimale, ahedi n'kuitana mwana wa m'mudzimo pa asembule kuti akapereke, ndipo madzulo mwana wa achemwali awo, mnyamata wa Sitandade 7, ankaiwerenga mokweza pakhonde, amayi awo, azakhali ndi aliyense wodutsa akumva.

Ndiye kuti kalata ya mwamuna kwa mkazi wake inkadutsa m'makutu ndi m'kamwa mwa anthu osachepera awiri isanafike kwa mwini wake. Ungatulutse bwanji zakukhosi pamenepo? Timadandaula kuti pa intaneti anthu amadzikometsera, amalemba akuganizira oonerera. Agogo ankachita zomwezo, ndipo ankadziwa kutiposa ife kuti akuonereredwa. Kungoti oonerera awo anali anthu oti ankawadziwa nkhope, maina ndi makhalidwe, moti ankatha kuyeza mawu molingana ndi makutu omwe adzamve.

Apa ndi pomwe ndikuona kuti mutu wa ntchito yathu waphonya. Dandaulo lakuti njira yatsopano yolankhulirana ndi yabodza poyerekeza ndi yakale ndi lakalekale. Anzanga a filosofi akudziwa kuti m'buku la Plato lotchedwa Phaedrus, Socrates amada nkhawa ndi kulemba kwenikweniko, kuti kudzafooketsa chikumbumtima cha anthu ndiponso kuti mawu olembedwa sangayankhe ukawafunsa. Ine funso lomwe likundigwira n'losiyana: uthenga ukayenda mtunda wonsewo, amaufikitsa ndani pakhomo? M'njira zonse zakale zomwe ndaziona, gawo lomaliza la ulendo linali munthu.

Taonani wailesi. Mu 1949 kunatuluka kawailesi kotchipa ka batire kotchedwa Saucepan Special, kooneka ngati sefuliya, kogulitsidwa mapaundi 5, ndipo nyumba youlutsira mawu ya ku Lusaka inkafalitsa m'Chinyanja ndi m'zinenero zina kwa omvera a ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland. Wailesi imodzi inkasonkhanitsa mudzi wonse, ndipo mwa mapologalamu okondedwa munali ya kupempha nyimbo, momwe omvera ankaperekera moni kwa abale akutali. MBC itakhazikitsidwa mu 1964, mibadwo ya Amalawi inakula ikumvera mauthenga achisoni. Amene anawamvapo akukumbukira kayalidwe kake: dzina la womwalira, mudzi, mfumu yaikulu, boma, tsiku loika maliro, kenaka pempho lakuti amene wamva uthengawu awadziwitse auje omwe akugwira ntchito kwakutikwakuti. Pempho limeneli ndimalikonda. Uthenga waulutsidwa dziko lonse, koma wailesi ikuvomereza yokha kuti siingamalize ntchitoyo. Pakufunikabe munthu woti anyamuke, akaodire pakhomo.

Munthu woodirayo anali ndi luso lake. Kwathu maliro salira mfumu isanauzidwe, ndipo mthenga wopita kwa mbale wakutali sankafika ndi mawu akuti kwagwa maliro. Ankakhala pansi, kulandira moni, kumwa madzi, kenaka n'kunena kuti matenda akula kumudzi, mukufunika. Womva ankazindikira ndithu, koma ankapatsidwa mpata woti mtima utsike pang'onopang'ono ali ndi wina pambali, womuthandiza kulongedza chikwama ndi kumuperekeza pabasi. Kodi limenelo ndi bodza? Mwina. Sindikuwakometsera amkhalapakatiwa. Omwewa ankatha kubisa, kupotoza, kufalitsa zinsinsi kuchitsime, ngakhale kudya ndalama zotumizidwa, ndipo mayi wosadziwa kuwerenga analibe njira yotsimikizira kuti zomwe wamva ndi zomwe zalembedwa. M'nthawi ya chipani chimodzi panabweranso mkhalapakati wosaitanidwa: makalata, makamaka ochokera kunja, ankatha kutsegulidwa ndi apolisi achinsinsi, ndipo anthu anaphunzira kulemba mozungulira.

Chodabwitsa n'chakuti kalata yomwe inagwedeza ulamuliro umenewo inagwira ntchito kudzera m'njira yakale ija yowerengera pakhonde. Lamulungu pa 8 Malichi 1992, kalata ya maepiskopi achikatolika, yosindikizidwa mwachinsinsi ku Balaka, inawerengedwa mokweza m'matchalitchi awo m'dziko lonse. Zomwe inanena, za anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, za malipiro ochepa, za mantha olankhula, anthu ankazidziwa kale mumtima. Chatsopano chinali kuzimva zikutuluka pakamwa pa munthu, uli pabenchi limodzi ndi anansi ako, n'kuona kuti nawonso amva ndipo sakuthawa. Boma linati kupezeka nayo ndi mlandu, nyumba yosindikizira ya ku Balaka inatenthedwa, ndipo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko. Komabe m'miyezi yotsatira makina a fakisi ndi a fotokope m'maofesi anayamba kulavula timakalata topanda maina, toyenda m'manja m'manja, mpaka riferendamu ya Juni 1993. Zimenezi tiziike mbali iti, ya makina kapena ya pamasom'pamaso? Fakisi inkabweretsa pepala kuchokera kutali m'mphindi imodzi, koma wolipinda, kulibisa m'sokosi ndi kusankha mnzake womukhulupirira anali munthu, ndipo ndi iyeyo ankamangidwa akagwidwa.

Mafoni am'manja anafika chapakati pa zaka za m'ma 1990 ndi TNM, Celtel n'kutsatira mu 1999. Poyamba nawonso anali a gulu. Foni ya aphunzitsi kapena ya mwini golosale inkatumikira mudzi wonse, woimbiridwa n'kuchita kumuthamangira kumunda, ndipo m'midzi yambiri zidakali choncho. Koma kwa ife oyenda ndi WhatsApp m'thumba, uthenga tsopano umafika wokha, molunjika, popanda munthu pakati. Ubwino wake ndi wosabisika. Mkazi akhoza kumva mawu a mwamuna wake yemwe ali ku Cape Town ali yekha kuchipinda, popanda mnyamata wa Sitandade 7, ndipo voisinoti yamasula ngakhale osadziwa kuwerenga. Agogo aakazi akanapatsidwa foni mu 1971 sakanaikana, ndipo amene akuti akanaikana sanakhalepo miyezi inayi akudikira mwana wa sukulu kutulukira ndi envulopu.

Koma chaka chatha amalume anga anamwalira ku Johannesburg, komwe ankagwira ntchito m'shopu. Ndinadziwa cha m'ma 5 koloko m'mawa ndili pabedi ku hositelo, nditaona chithunzi chawo pa sitetasi ya mnzawo wina yemwe ndinasunga nambala yake chifukwa amalume ankadutsira mwa iyeyo ponditumizira ndalama. Pansi pa chithunzicho panali tinkhope tolira titatu. Amayi, mlongo wawo weniweni, anali asanauzidwe. Akuluakulu kumudzi anali akadakambirana kuti atume ndani. Ndinakhala ndi uthengawo maola atatu, foni ili m'manja, osadziwa ngati ndiimbe kapena ndidikire, ndipo ndisanaganize bwino munthu wina anali atawatumizira kale chithunzi chomwecho ali okha pampopi. Woika sitetasi uja sindimuda. Nayenso ankalira mnzake m'njira yomwe ankaidziwa, m'dziko la eni, ndipo ndi gulu lawo la pa WhatsApp lomwe linasonkha ndalama zobweretsera thupi. Chomwe chimandipweteka n'chakuti m'mawa umenewo amayi anatolera okha ndowa yawo.

Popeza iyi ndi ntchito yazaluso, ndinafufuzanso zomwe ena anachita kale, ndipo ziwiri zandikhalira m'mutu. On Kawara, waluso wa ku Japan, kuyambira cha mu 1970 kwa zaka pafupifupi 30 ankatumizira anzake matelegalamu onena chinthu chimodzi chokha, kuti akadali moyo. Nditawerenga zimenezi ndinaseka, chifukwa makalata a agogo ukawachotsa mbuzi ndi mabulangeti atsala ndi uthenga womwewo, ndipo n'chimodzimodzi kuflasha komwe timachita mayunitsi akatha. Inayo ndi Hole in Space ya Kit Galloway ndi Sherrie Rabinowitz. Mu Novembala 1980, kwa madzulo atatu, analumikiza ndi setilaiti zenera la ku Lincoln Center ku New York ndi zenera la sitolo ina ku Century City ku Los Angeles, popanda kulengeza kapena kuika chikwangwani. Odutsa mumsewu anangoona anthu a mzinda wina ataima patsogolo pawo pa sikirini, aakulu ngati anthu enieni, akumva ndi kuyankha. Mbiri itawanda, abale omwe anatha nthawi osaonana anayamba kupanganirana zodzakumana pamenepo. Ambiri amaitchula ntchitoyi ngati kholo la mavidiyo kolo athuwa. Ine chomwe chimandikoka ndi khamu lomwe linali m'mbali mwa msewu, anthu osadziwana akuonerera abale akupatsana moni. Linali khonde la agogo lija, lili ku America.

Maganizo anga pakali pano ndi awa. Mkeka, timipando tiwiri, ndi chitini. Wobwera akopere papepala meseji yeniyeni yomwe analandirapo pafoni ndipo imamukhalabe mumtima, kaya yomusiya chibwenzi, kaya ya maliro, kaya yomuuza kuti fizi sipezeka, achotse maina, apereke kwa munthu wosamudziwa. Winayo akhale pansi, apereke moni monga mwa mwambo, kenaka amuwerengere mokweza akumuyang'ana. Wowerengayo ali ndi ufulu womwe mnyamata wa Sitandade 7 uja anali nawo: akhoza kufewetsa, kuzungulira, kudumpha mzere. Ine ndizilemba zomwe wanena. Pakhoma ndidzapachika mapepala awiriawiri, zomwe zinalembedwa ndi zomwe zinanenedwa, ndipo chionetsero chenicheni chidzakhala kusiyana kwa mapepala awiriwo. Sindikudziwiratu kuti oonerera adzakonda mbali iti. Ena adzaona chifundo m'pepala lachiwirilo, ena adzaona kuti munthu wamanidwa choonadi chake.

Nditawafotokozera anzanga aja, wa kalilole wosweka anati limeneli ndi sewero, si zojambula, ndipo zimenezo sizikundidetsa nkhawa. Koma wina anafunsa funso lomwe sindinalipezere yankho: pa kampasi pano pomwe aliyense amadziwa kuti uje anasiyidwa ndi ndani, kuchotsa maina kuthandiza chiyani? Ndipo ndimuletsa bwanji munthu kujambula khoma langalo n'kuliponya pa gulu la kalasi? Mwina ndiyenera kuika dengu pakhomo loti aliyense asiyemo foni, kapena mapepalawo azitenthedwa tsiku likatha, ndiye kuti aphunzitsi adzafika pa tsiku lopereka malikisi n'kupeza phulusa.

Ndinkafunanso kuika kalata imodzi ya agogo pakhomo pa chionetserocho, ndiye ndinawaimbira kudzera pafoni ya azakhali. Anandidula ndisanamalize. "Iwe, makalata amenewo satuluka m'nyumba muno." Patapita kanthawi anati, "Koma ukafuna, ubwere udzandiwerengere onse, kuyambira yoyamba. Chiwerengereni mwana uja palibe wandiwerengeranso, ndipo iye anatisiya kalekale. Ukatero tidzaona."

Vuto lili pa kalata yachisanu ndi chitatu, ya mu 1972. Agogo aakazi akamasimba za nthawi imeneyo, ndipo amasimba kawirikawiri, amati amuna a anzawo ankatengeka ndi za ku Joni koma awo mtima unali kumudzi tsiku lililonse. M'kalatayo, m'dzanja la mlembi wachiwiri, agogo aamuna akuti mnzawo wawapezera ntchito ya m'munda wa maluwa kwa mzungu wina kunja kwa mgodi, akuganiza zothawa kukomponi, sakudziwa kuti adzabwera liti, ndipo ngati mayi a ana atopa kudikira iwo sadzawaimba mlandu. Kalata yotsatira siitchulanso nkhaniyi. Yabwerera ku nkhokwe ndi moni kwa amfumu. Mwina mnyamata uja anawerenga mizereyo, agogo n'kuikwirira okha kwa zaka zoposa 50. Mwinanso anaiona, anayang'ana azakhali akewo ndi anthu omwe anali pakhonde, n'kupitirira.

Pulani ya chionetsero ikufunika Lachisanu, ndipo Loweruka ndikukwera minibasi ya ku Ntcheu. Makalata onse ndinawajambula pafoni tsiku lija, moti yachisanu ndi chitatuyo ndaibwereza kokwanira kudziwa pomwe mizereyo yayambira: chakumunsi kwa tsamba loyamba, ikangotha nkhani ya mbuzi.